Amayi a ku Thyolo Analowa Kale Nkhondo ya Chiwaya

Kuyambira mu July 2025, mtsikana wa ku Denmark akakwanitsa zaka 18 dzina lake limalowa m'maere a usilikali limodzi ndi anyamata. Norway ndi Sweden anatsogola kale. Nkhaniyi ikafika m'magulu athu a pa WhatsApp, anyamata sachedwa kuyankha kuti: si mumafuna kufanana, bwerani tikafere limodzi. Kuno kwathu palibe lamulo lokakamiza munthu kulowa usilikali, ndipo amayi akhala akulowa mwa kufuna kwawo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Komabe kukakamiza tinakuonapo, ndipo mbiri ya ku Thyolo imandiuza kuti funsoli timalifunsa mopotoka.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 makolo athu anaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo. Asilikali a King's African Rifles ochokera mu Nyasaland anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema a azungu, anafika cha m'ma 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri mwa iwo sanadzipereke. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo amesenjala a boma ankazinga midzi usiku. John Chilembwe, ku Chiradzulu komweku, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo ya eni ake, miyezi iwiri asanaukire.

Nanga mwamuna akathawira kuthengo zinkatha bwanji? Ankagwira mkazi wake ngati chikole mpaka mwamunayo atadzipereka. Melvin Page, amene anacheza ndi okalamba oona nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, anazimva kwa eni ake. Njirayi sinali yachilendo, chifukwa ndi mmene boma linkachitira ndi othawa msonkho wa nyumba. Ufa umene amtengatenga ankasenza unasinjidwa mumtondo ndi manja a amayi. Munda unatsala ndi mayi, ana anatsala ndi mayi, ndipo njala ndi fuluwenza ya 1918 zinamupeza yekha pakhomo.

Ku Thyolo mtolowu unagwera anthu osenza kale wina. Nthawi imeneyo tiyi anali atangoyamba kumene, esiteti zambiri zinkalima fodya ndi thonje, ndipo malo aakulu anali m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company. Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anapatsidwa pokhala pa esiteti posinthana ndi thangata. Mawuwa poyamba ankatanthauza kuthandizana pantchito, koma anasanduka dzina la ntchito yolipirira malo, yogwidwa nyengo ya dzinja pamene munda wako ukukufuna. Lamulo la 1928 linalola mwini esiteti kukaniza mkamwini kumanga nyumba kwa mkazi wake. Taganizani, pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, kumene mwamuna ndiye amatsatira mkazi, mzungu ndiye ankalamula ngati mwana wamkazi akhale ndi banja pamudzi pa mayi ake kapena asamuke. Mkwiyo umenewu ndi umene unaphulika mu August 1953, kuyambira pa esiteti ya Mangunda, pomwe anthu 11 anaphedwa m'zipolowe zimene zinafalikira m'chigawo cha kummwera. Thangata anatha mu 1962.

Ndiye wina akandiuza kuti amayi akhala akupuma pamene amuna akufera dziko, ndimamufunsa kuti akunena amayi ake ati. Boma litafuna matupi a amuna, linadutsira pa matupi a akazi awo. Kusiyana kwake n'kwakuti msilikali anali ndi nambala, malipiro ndi mendulo. Pitani ku Zomba, pa chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, mukawerenge maina. La mayi wogwidwa chikole simulipeza.

Sindikunena kuti mkazi sangagwire mfuti. FRELIMO inakhazikitsa gulu la asilikali aakazi mu 1967, ndipo Josina Machel amakumbukiridwa mpaka lero. Mtsikana wofuna usilikali alowe, akwezedwe pa udindo, asafunsidwe za ukwati pa intavyu. Icho ndimachifuna ndi mtima wonse. Chimene ndimakana n'chakuti kukakamiza kumasanduka chilungamo kukangogwira akazi ndi amuna mofanana. Thangata akanagawidwa bwinobwino pakati pa amuna ndi akazi akanakhalabe thangata. A ku Eritrea, kumene atsikana ndi anyamata onse amatengedwa kwa zaka zosadziwika mathero ake, akuthawa dziko lawo onse pamodzi.

Bilu yotere itafika ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ine ndingayambe kuwerenga ndime ya okhululukidwa. M'maiko ambiri ophunzira a pa yunivesite amaloledwa kudikira, ndipo kudikirako nthawi zina kumakhala kosatha. Inu ndi ine tingatulutse kalata ya kwa rejisitala. Mwana wa bwana angapeze ya kwa dokotala. Lole ikafika pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, wokwera ndi mtsikana amene analekeza Sitandade 8, amene mayi ake akuthyola tiyi ndi dengu kumsana, mwina pa esiteti yomweyo imene agogo a agogo ake anagwirapo thangata.