Magalimoto Awiri Amene Anapatsidwa Ntchito Yonamiza Anthu

Sabata ino ndakutengerani mbiri ya magalimoto awiri. Ina inapangidwa ku England, inzake ku France. Yoyambayo mwina munaionapo m'nyumba za vidiyo zija timalipira pakhomo. Yachiwiriyo inathera ulendo wake kwathu kuno ku Mwanza.

Tiyambire pamsika, poti n'komwe ine ndimaswera. Inu amene mumagula kaunjika mukudziwa kuti jekete ikatuluka m'belo imabwera yopanda mbiri. Anaivala ndani, kuti, chaka chanji, palibe amafunsa. Timangoyang'ana ngati zipi ikutseka, basi tagwirizana mtengo. Koma galimoto ndi ina. Magalimoto amene amalowera pa boda yathuyi, amene akugula ngati ali wochenjera sakhutira ndi penti kapena nambala ya kutsogolo. Amatsegula boneti, n'kufunafuna nambala ya chasesi, ija inadindidwa pachitsulo penipeni, kenako n'kuifananiza ndi ya pamapepala. Penti amasintha, nambala ya kutsogolo amamasula ndi sipanala, koma ya pachitsulo ija imavuta kuinamiza. Anthu olemera amene amatolera katundu wakale wa m'mafilimu amayendanso momwemo, ndipo galimoto yathu yoyamba nambala yake ndi DP/216/1.

Mu September 1964, ufulu wathu uli ndi miyezi iwiri yokha, ku London kunatuluka filimu ya kazitape James Bond yotchedwa Goldfinger. Bond anali Sean Connery. Amene analemba buku lake, Ian Fleming, anali atamwalira mwezi wa August chaka chomwecho, moti sanaione. M'filimumo Bond akupatsidwa galimoto ya mtundu wa Aston Martin DB5, yotuwa ngati siliva, nambala yake BMT 216A. Galimotoyo inali ndi mfuti ziwiri zobisika kumbuyo kwa magetsi a kutsogolo. Inali ndi chitsulo chotuluka kumbuyo chotchinga zipolopolo, inkatulutsa utsi ndi oyilo kuti amene akuithamangitsa aterereke, nambala yake inkatembenuka yokha kukhala ya dziko lina, ndipo mpando wa pasenjala unkatha kumuponya munthu kunja kudzera padenga. Amene anaganiza zonsezi ndi Ken Adam, ndipo amene anazimanga ndi John Stears ndi anzake ku Pinewood Studios.

Tsono apa mvetserani. Galimoto imeneyi sinabadwe yotuwa. Inali yofiira, ndipo kampani ya Aston Martin inkaigwiritsa ntchito poyeserera mtundu watsopano wa DB5. Kumayambiriro kwa 1964 inaonekanso ili yofiira yomweyo mu sewero la pa TV lotchedwa The Saint, la Roger Moore, yemwe pambuyo pake anadzakhalanso Bond. Anaipaka penti ina chifukwa cha Goldfinger basi.

Ndiponso sinali yokha. Pojambula filimuyo panali magalimoto awiri: iyi ya zida, ndi ina yongothamanga nayo pamsewu. Filimu itatchuka, ndipo ya Thunderball ikutuluka mu 1965, anakonzanso ena awiri oti azizungulira nawo m'maiko kutsatsira malonda. Onse pamodzi anayi, ofanana ngati mapasa. Mukanawaimika pamzere, simukanadziwa kuti Connery anakhala mu iti. Chowasiyanitsa ndi nambala ya pachitsulo ija, ndi mapepala.

Mu 1968 a Aston Martin anaona ngati za Bond zatha fasho. Anamasula zida zonse mu DP/216/1 n'kuigulitsa ngati galimoto wamba yogwiritsidwapo kale ntchito. Amene anaigula, munthu wa ku Kent, posakhalitsa anazindikira chimene ali nacho, ndiye anapeza amisiri ena kuti amuikiremo zida zatsopano zofanana ndi zakale. Mwaona mmene nkhani ikupotokera? Kuyambira pamenepo thupi la galimoto linali lenileni koma mfuti zake zinali zongotengera. Mu 1971 inawoloka nyanja kupita ku Utah ku America. Mu 1981 inaonekanso mu filimu yanthabwala ya The Cannonball Run, Roger Moore ali pa chiwongolero. Mu 1986 inagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pamtengo wa madola 275,000, ndipo anaigula ndi mkulu wina wa bizinesi ya malo ndi nyumba ku Florida.

Mu June 1997, usiku, galimotoyo inabedwa m'shedi yosungiramo ndege pa bwalo la Boca Raton ku Florida komweko. Akuba anadula maloko ndi mawaya a alamu n'kuitulutsa. A inshuwalansi analipira mwini wake madola 4.2 miliyoni, kutanthauza kuti ikapezeka lero ndi yawo. Mphekesera zinayamba: ena amati anaikweza ndege, ena amati anakaiponya m'nyanja. Pali loya wina, Christopher Marinello, wa bungwe la Art Recovery International lomwe ntchito yake ndi kusaka zinthu zamtengo wapatali zobedwa. Iyeyu wakhala akunena poyera kuti galimotoyo ili m'manja mwa munthu wina wolemera ku Middle East. Koma iye yemwe amati asanakhulupirire aliyense amene wamuimbira foni, choyamba amafuna chithunzi cha nambala ya chasesi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Nanga anzake atatu aja? Ija yothamanga pamsewu anaigula mwini wailesi wina wa ku Philadelphia mu 1969 pamtengo wa madola 12,000. Anaisunga zaka 41, n'kuigulitsa ku London mu October 2010 pamtengo woposa mapaundi 2.5 miliyoni. Mwa awiri otsatsira malonda aja, ina ili ku Louwman Museum mumzinda wa The Hague ku Netherlands, inayo inagulitsidwa ku Monterey ku California mu August 2019 pamtengo wa madola pafupifupi 6.4 miliyoni. Imeneyotu sinaoneke n'komwe m'filimu. Chimene anthu analipira ndi mndandanda wa eni ake, wosaduka kuchokera ku fakitale mpaka tsiku la okushoni: anagula ndani, liti, risiti ili kuti.

Mfuti za galimoto ya Bond sizinaphe munthu. Oonera ankadziwa kuti ndi sewero, analipira okha pakhomo kuti anamizidwe, ndipo filimu ikatha ankatuluka akuseka. Yathu ya ku Mwanza sinali choncho.

Ambiri a ife m'gulu lino tinabadwa 1983 itadutsa kale, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Pa 17 May 1983, nyumba ya malamulo itakumana ku Zomba, apolisi anagwira akuluakulu anayi: a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party; a Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati; a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo; ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Anawagoneka ku ndende ya Mikuyu, yomwe ija anadzakhalamo mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Mawa lake, pa 18 May, anawabweretsa kuno, njira ya ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko anawapha powamenya m'mutu. Mitembo anaiika mu galimoto ya Peugeot 604 n'kuikankhira kutsetse kuti ioneke ngati yagubuduzika.

Wailesi ya MBC, yomwe inali yokhayo m'dziko muno, poyamba inalengeza kuti anthuwa asowa. Kenako inati afa pangozi ya galimoto akuthawira kunja. Maliro awo anachitika mwakachetechete, opanda ulemu wa boma, ngakhale atatu mwa iwo anali nduna.

Taganizani ntchito imene Peugeot ija inapatsidwa. Pa filimu pamafunika malo, ochita sewero, ndi chinthu choti oonera akachiona akhulupirire. Malo anasankha msewu wa kumapiri woloza ku malire, kuti nkhani yothawa imveke. Chinthu choonetsa chinali galimoto. Oonera tinali dziko lonse, ndipo palibe anatifunsa ngati tikufuna kulowa. Kwa zaka 11 munthu akanena pagulu kuti sinali ngozi, ankaika moyo wake pachiswe. Makolo athu ankangonong'onezana kuseri, ana tikayandikira n'kusintha nkhani.

Koma mlandu suola. Boma litasintha mu May 1994, Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza za imfazi, wapampando wake Justice Mtegha. Ntchito imene komitiyi inagwira ndi yomwe ija amagwira osaka galimoto ya Bond, kungoti apa pa sikelo panali miyoyo ya anthu. Anabwerera m'mbuyo phazi ndi phazi: anawagwira ndani, anagona kuti, anawanyamula ndani, galimoto anayendetsa ndani, mitembo anaiona ndani ndipo mabala anali otani. Apolisi ena amene analipo usiku umenewo anafotokoza okha. Lipoti linatuluka mu January 1995, ndipo linati anthu anayiwa anachita kuphedwa ndi apolisi, ngoziyo inali yongokonza.

Mwezi womwewo Dr Hastings Kamuzu Banda anawatsekera panyumba, a John Tembo ndi ena anamangidwa. Mlandu unayamba ku High Court ku Blantyre m'katikati mwa 1995, woweruza anali Justice Mackson Mkandawire. Woimira boma anali a Kamudoni Nyasulu, ndipo Dr Banda anawaimira loya wochokera ku Britain, Clive Stanbrook. Dr Banda sanabwere m'khoti chifukwa cha ukalamba ndi matenda. Pa 23 December 1995 onse anapezeka osalakwa. Boma linachita apilo, koma Supreme Court inakana mu 1997, ndipo Dr Banda anamwalira ku Johannesburg pa 25 November chaka chomwecho.

Apa pali phunziro la mbiri limene sitiyenera kulithawa, kaya mumakonda chipani chanji. Khoti silinanene kuti inali ngozi, ayi. Zoti anthuwa anaphedwa zinatsimikizika. Chimene boma linalephera kutsimikiza ndi kuti lamulo linachokera kwa oimbidwa mlanduwo. Unyolo unaduka pakati. Anthu awiri amene akanaulumikiza, mkulu wa apolisi wa nthawiyo a Mac Kamwana ndi mlembi wamkulu wa boma a John Ngwiri, onse anali atamwalira kale. Malamulo otere sankalembedwa papepala. Galimoto ya Bond ili ndi mndandanda wa eni ake kuyambira 1964 mpaka pamene inabedwa. Imfa ya nduna zitatu ndi phungu inasowa kapepala kamodzi kosonyeza amene analamula. Mu January 1996 Dr Banda anapepesa mtundu wa Amalawi chifukwa cha zowawa zimene anthu anakumana nazo mu ulamuliro wawo, koma sanavomere kuti iwo ndi amene analamula zimenezo.

Ndiye inu olemba, zikutikhudza bwanji? Azungu aja akusakabe galimoto ya sewero patatha zaka zoposa 25, mpaka kulonjeza mphoto kwa amene angaulule. Ife mboni za nkhani yeniyeni tili nazo pafupi, ndipo zikukalamba. Amene anali ndi zaka 25 mu 1983 lero wadutsa 65. Ku Thambani, ku Mwanza boma, ku Zomba, alipo anthu amene anaona magalimoto achilendo akudutsa, amene anamva chilengezo pa wailesi, amene anauzidwa kuti atseke pakamwa. M'masutikesi a agogo athu muli makadi a chipani aja munthu ankalephera kulowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa. Muli nsalu za mbumba, mabaji, ziphaso za msonkho, makalata a ku Joni. Mwini wake akangomwalira, timasesa n'kutentha ngati zinyalala, kapena ana amaseweretsa.

Pempho langa ndi laling'ono. Mukapeza chinthu chotere, chijambuleni ndi foni mbali zonse, makamaka pamene pali nambala, deti kapena chidindo. Kenako khalani pansi ndi mwini wake akadali moyo, mulembe m'kope: anachipeza chaka chanji, kuti, kwa ndani, chifukwa chiyani anachisunga. Mulembenso dzina lanu ndi tsiku limene mwafunsalo. Musakometsere. Zimene anaona ndi maso muzilembe padera, zimene anangomva kwa ena muzilembenso padera. Kope limenelo lizikhala pamodzi ndi chinthucho. Ngati banja lavomera, ku Zomba kuli National Archives ndipo ku Blantyre kuli Chichiri Museum, komwe ntchito yawo ndi kusunga zoterezi.

Pansipa tandiuzani: kwanu kuli chinthu chanji chakale chimene mbiri yake akuidziwa ndi munthu mmodzi yekha? Ndipo munthuyo muli naye pafupi bwanji? Sabata yamawa tidzawerenge zimene mwapeza.