Kuchokera ku Oberkulm mpaka ku White House: mbiri ya banja la Huber

Pa 9 September 1738 sitima yapamadzi yotchedwa Two Sisters inakocheza padoko la Philadelphia, m'dera la Pennsylvania lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa atsamunda a ku Britain. Mwa anthu amene anatsikamo munali mnyamata wa zaka 15, dzina lake Andreas Huber. Analibe chuma kapena kutchuka. Patapita zaka 191, mu 1929, mdzukulu wake wa m'badwo wachisanu, Herbert Hoover, analumbiritsidwa kukhala pulezidenti wa 31 wa dziko la United States. Chimene chimalumikiza anthu awiriwa ndi timapepala tolembedwa ndi abusa, akalaliki apadoko ndi alembi a malo, anthu amene sankadziwa n'komwe kuti akusunga mbiri.

Kwawo kwenikweni kwa banjali ndi ku Oberkulm, mudzi wa anthu olankhula Chijeremani ku Switzerland. Lero mudziwu uli m'chigawo cha Aargau, koma m'masiku amenewo unkalamulidwa ndi mzinda wa Bern. A Huber anali anthu wamba, owomba nsalu. Malo olima anali ochepa, ana ankachuluka, ndipo alimi atagalukira olamulira mu 1653 anagonjetsedwa mwankhanza. Koma chakumpoto, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, zinthu zinali zosiyana. Nkhondo ya zaka 30, imene inayamba mu 1618 n'kutha mu 1648, inasiya midzi ya ku Palatinate, ku Germany, ili mabwinja, minda itamera thengo. Eni dziko kumeneko ankafuna anthu oti adzalime, choncho mabanja ambiri a ku Switzerland anasamukirako. Mmodzi wa iwo anali Gregor Jonas Huber, yemwe anakakhazikika m'mudzi wa Ellerstadt chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Kumeneko n'kumene mwana wake Andreas anabadwira mu 1723.

Apa ndi pamene ofufuza mzere wa makolo ambiri amasokera. Munthu amene anafika ku America akuchokera ku Palatinate ankalembedwa ngati Mjeremani basi, ngakhale kuti atate ake anabadwira ku Switzerland. Wofufuza akangoima pa Ellerstadt, ndiye kuti wasiya theka la nkhani. Chimene chimathandiza ndi mwambo wa ku Switzerland woti banja lililonse limakhala ndi mudzi umene limawerengedwa kuti ndi kwawo mwalamulo, ndipo mwana amalandira mudziwo kuchokera kwa atate ake ngakhale atabadwira kutali. Komanso abusa a m'midzi ya ku Germany polemba ukwati kapena maliro a mlendo kawirikawiri ankatchulanso kumene anachokera. Mzere umodzi wotere m'buku la tchalitchi umatha kutsegula mibadwo ingapo yam'mbuyo.

Ulendo wa ku America unali wowawa. Anthu ankayamba ndi kutsika mtsinje wa Rhine pa mabwato, akuima pa malo ambirimbiri okhometsa msonkho, moti pofika ku Rotterdam ena ndalama zinali zitatha kale. Kuchoka apo sitima inkaima kaye padoko lina la ku England, nthawi zambiri ku Cowes, kenaka n'kuyamba kuwoloka nyanja ya Atlantic kwa miyezi iwiri kapena itatu. Gottlieb Mittelberger, amene anayenda ulendowu mu 1750, anafotokoza za madzi onunkha, nsabwe, njala ndi ana ofera m'njira. Chaka cha 1738, chimene Andreas anawoloka, chimakumbukiridwa chifukwa cha matenda amene anapha anthu ochuluka m'sitimazo. Amene analephera kulipira ulendo ankagwira ntchito kwa zaka zingapo kwa munthu amene wawalipirira, ndipo nthawi zina makolo ndi ana ankasiyanira padoko pomwepo.

Akuluakulu a Pennsylvania ankachita mantha ndi kuchuluka kwa alendo osalankhula Chingerezi. Mu 1727 analamula kuti woyendetsa sitima aliyense azipereka mayina a alendo amene wabwera nawo, ndiponso kuti amuna a zaka 16 kupita m'tsogolo azilumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ya Britain. Lamulo lobadwa ndi mantha limeneli ndilo lasanduka chuma cha ofufuza. Mu 1934 Ralph Strassburger ndi William Hinke anasindikiza mindandanda imeneyi m'mabuku otchedwa Pennsylvania German Pioneers. Mukawatsegula mumaona dzanja la munthu weniweni: wina wasaina bwinobwino m'zilembo zakale za Chijeremani, wina wangoika kamtanda, ndipo kalaliki wachingerezi walemba dzinalo pambali monga mmene khutu lake linamvera.

Umu ndi mmene mayina ankasinthira, ndipo Andreas Huber anadzakhala Andrew Hoover. Vuto lina ndi loti dzina la Huber linali lofala kwambiri, ndipo m'mabanja ambiri ana aamuna onse ankayamba ndi Johann kapena Hans, n'kumaitanidwa ndi dzina lachiwiri. Ngakhale masiku amasokoneza, chifukwa Britain ndi maiko ake anasintha kalendala mu 1752. N'chifukwa chake wofufuza wosamala sakhulupirira dzina palokha. Amayang'ana mkazi wake, mboni za paubatizo, anansi amene anagula malo moyandikana naye, ndi anthu amene anasamuka nawo limodzi.

Andrew anakwatira Margaret Pfautz, yemwe dzina la kwawo linadzasanduka Fouts, ndipo anakakhala ku Maryland. M'zaka za m'ma 1760 anatsikira kum'mwera, ku North Carolina, kumene anamanga chigayo choyendera madzi m'mbali mwa mtsinje wa Uwharrie. Tisaiwale kuti malo onsewa sanali opanda eni. Chaka chimodzi chokha Andreas asanafike, mu 1737, ana a William Penn, woyambitsa dera la Pennsylvania, analanda anthu a mtundu wa Lenape dera lalikulu mwachinyengo. Mapepala a malo amene lero amatithandiza kupeza mlendo ndi omwewo amene satchula mwini nthaka amene anathamangitsidwa.

Ku North Carolina ana a Andrew anayanjana ndi mpingo wa Quaker, umene unkadana ndi ukapolo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 mabanja ambiri a mpingowu anapakira katundu pa ngolo n'kupita ku Ohio, kumene ukapolo unali woletsedwa, ndipo John Hoover, mwana wa Andrew, anali nawo m'gululo. Mu 1854 mwana wa John, Jesse, ndi mdzukulu wake Eli anapitiriza ulendo mpaka ku West Branch, ku Iowa. Mwana wa Eli, Jesse Clark Hoover, anali wosula zitsulo, ndipo m'kanyumba kake ka zipinda ziwiri ndi mmene Herbert anabadwira pa 10 August 1874. Pofika zaka 10 anali wamasiye, atate ndi amayi onse atamwalira. Mwana wamasiyeyu ndiye anadzatsogolera ntchito yodyetsa anthu a ku Belgium pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ndipo itatha nkhondo yachiwiri, chakudya cha ana asukulu ku Germany, dziko limene kholo lake linachokamo, chinkadziwika ndi dzina lake.

Amene anasonkhanitsa zonsezi m'buku limodzi ndi Hulda Hoover McLean, mwana wa mkulu wake wa Herbert, ndipo bukulo linatuluka mu 1967. Komabe mzere wotsatira dzina la bambo uli ndi chofooka chake: amayi onga Margaret Pfautz, amene anabereka ndi kulera mibadwo yonseyi, amaoneka kamodzi pa tsiku la ukwati kenaka n'kuzimiririka.

Banja la Huber silinapezeke chifukwa linali lolemekezeka. Linapezeka chifukwa pa malo aliwonse amene linadutsa panali wina amene analemba dzina, mudzi ndi chaka. Ife ambiri mbiri yotereyi ili m'mitu ya agogo athu, ndipo ikupita nawo kumanda. Khalani nawo pansi adakali moyo, afunseni kumene makolo anachokera, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo mulembe zonse kuti adzukulu anu asadzasowe poyambira.