Phala la wodwala m'mimba m'makomboni a Lusaka

Phala ndicho chakudya cha wodwala m'mimba m'makomboni a Lusaka kuyambira kale, koma ufa wake wasintha kangapo. Anthu amene ankadzafuna ntchito kuchokera ku Chipata, Petauke ndi Katete, mzinda wa Lusaka utakhala likulu mu 1935, anazolowera ufa woyera wa mphale yokonola mumtondo ndi kuviika m'madzi. Ufa wopanda gagawu ndiwo ankaphikira munthu wotsekula m'mimba. M'tauni munalibe nkhokwe. Pamene Matero inkamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga zikukula popanda mipopi ndi zimbudzi zokwanira, mtondo unayamba kusiyira malo thumba la m'sitolo.

Matumbawo anali amitundu iwiri: bulekifasi, ufa woyera wosalala, ndi rola, wotsalira gaga, wotsika mtengo. Boma la Kenneth Kaunda linkathandiza kulipira mtengo wa ufa, ndipo utakwera kwambiri mu June 1990 ku Lusaka kunabuka zipolowe. Thandizolo litatha pambuyo pa 1991, mabanja ambiri anayamba kugula timapaketi ta pamela pa kantemba, tokwana mphika umodzi. Phala la wodwala linkatapidwa pa kaufa komweko, ndiye linkangokhala lamadzimadzi.

Edzi ndiyo inaonetsa kuperewera kwa mwambowu. Phala lopanda kanthu ndi madzi a moyo a mchere ndi shuga zimathandiza munthu wotsekula masiku ochepa, koma wa kaliwondewonde ankatsekula miyezi, thupi likutha. Magulu osamalira odwala kunyumba, ambiri a mipingo, ankagawa HEPS, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, ndipo anamwino ankalangiza kuthiramo nsinjiro, dzira, supuni ya mafuta kapena kapenta wosinja. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere chapakati pa zaka za m'ma 2000, odwala otere anachepa, koma kaphikidweko kanakhazikika. Kolera ya 2017 ndi 2018, imene inasautsa Kanyama mpaka boma kuletsa malonda a m'misewu, inawonjeza lamulo lina pambaula: madzi awire kapena athiridwe klorini, chakudya chidyedwe chotentha.

Matenda otupitsa matumbo kwa moyo wonse, a Crohn ndi a zilonda za m'thumbo lalikulu, sapezeka kawirikawiri m'zipatala za Zambia, mwa zina chifukwa amafanana ndi kamwazi kapena TB ya m'matumbo, ndipo kuwatsimikiza kumafuna kuunika m'matumbo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera, monga amachitira ku chipatala cha UTH. Chofala kwambiri ndi kutupa kwakachetechete kobwera ndi uve wa pamalo, kumene dokotala Paul Kelly ndi anzake akhala akufufuza zaka zambiri ku komboni ya Misisi.

Kwa wodwala Crohn, ufa wa bulekifasi, umene akatswiri a zakudya amaudandaula kuti ndi wosauka, umathandiza matenda akabuka, pamene gaga, nyemba, kabichi ndi tsabola zimavutitsa ambiri. Phala silichiza, mankhwala ndiwo amaziziritsa kutupako. Vuto la m'makomboni ndi lakuti achibale, poopa kudzutsa matenda, amamusunga munthu pa phala loyera ngakhale m'mimba mutakhala bata, chonsecho ndi nthawi imene amafunika kubwerera pang'onopang'ono ku nsima, nsomba, dzungu ndi chibwabwa chofewa chotendera.