Ampulifaya ya mavalavu inachedwa kufika ku Mitundu ndi Nathenje

Kumidzi ya kuno mavalavu anayamba kufika gitala yamagetsi isanaoneke. Mu 1949 kunabwera wailesi ya kampani ya Ever Ready yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, imene anthu ankamverapo mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka. M'kati mwake munali timababu tagalasi totchedwa mavalavu, ndipo inkayendera batire lalikulu. Magitala amene amuna ankabwera nawo kuchokera ku Theba ndi ku Halale anali osalumikiza kumagetsi.

Ampulifaya ya gitala ya mavalavu siyendera batire wamba. Imafuna mavolti 300 mpaka 450, oyenda mbali imodzi. Thiransifoma ndiyo imakweza magetsi a pakhoma kufika pamenepo, kenako rekitifaya n'kuwawongola kuti asiye kupita uku ndi uku. Valavu yogwira ntchito imeneyi anaitulukira John Ambrose Fleming ku England mu 1904. Leo Fender wa ku California anaika valavu ya GZ34 mu ampulifaya yotchedwa Bassman ya 1959, ndipo Jim Marshall wa ku London anatengera yomweyo popanga JTM45 mu 1962. Oimba amaikonda valavu imeneyi chifukwa ukamenya nsambo mwamphamvu magetsi amatsika pang'ono, mawu n'kufewa, kenako n'kudzukanso. Timadayodi tasilikoni, tomwe Fender anaika mu Twin Reverb ya 1963, sitigonja choncho; mawu amatuluka owuma ndi amphamvu.

Nkula itayamba kupanga magetsi pa mtsinje wa Shire mu 1966, amene anapindula msanga ndi a m'matauni, ndipo magulu ngati MBC Band ankaimbira ku Blantyre. Mnyamata wa ku Mitundu, kufupi ndi phiri la Bunda, kapena wa ku Nathenje pa msewu wa M1, anatsala ndi banjo yake ya chigubu. Pamene zokuzira mawu zinayamba kumveka m'maukwati ndi m'matchalitchi a kumidzi, nthawi ya mavalavu inali itapita kale. Zinabwerazo zinali za thiranzisita, zopepuka, zoyendera batire la galimoto lomwe munthu amakatchajitsa pamsika atalimangirira pa keliyala ya njinga.

Lero maampulifaya akale aja akubwera ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera kunja, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Magetsi a ESCOM ndi mavolti 230, osinthasintha ka 50 pa sekondi. A ku America ndi mavolti 120, ka 60. Munthu akangosintha pulagi n'kulumikiza, fyuzi ikapanda kuduka msanga, fungo la vanishi wopsa limadzaza nyumba, thiransifoma yatha. Ngakhale mutagula kathiransifoma kotsitsira mavolti, thiransifoma ija yopangidwira ka 60 imatentha kuposa mwa masiku onse ikalandira ka 50. Jenereta yosakhazikika ndi inivetala yotsika mtengo ya sola nazonso zimaiwuwitsa ndi kuitenthetsa.

Mmisiri wokonza mawailesi naye asamale posankha. Valavu ya 5U4 imadya maampu 3 pongodzitenthetsa, pamene GZ34 imadya osakwana 2. Zonse zimalowa pa soketi yofanana, koma kuika 5U4 pa thiransifoma yopangidwira GZ34 ndi kuilemetsa. Akasowa valavu n'kuikamo timadayodi, mavolti amakwera, ndipo makapasita okalamba akhoza kuphulika. Makapasita omwewo amasunga magetsi otha kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa.

Zipangizo zimenezi n'zosowa, ndipo thiransifoma yake ikapsa simungaipeze pa msika wa Mitundu. Inu amene mwalandira ampulifaya yotere kuchokera kwa m'bale wanu wakunja, werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwake, ndipo ngati palembedwa 120V musailumikize mpaka mmisiri ataiona.