Ng'ombe za Angoni: Cuma Cimene Makolo Anatisiyira

Acinyamata ambiri akaona ng'ombe yaing'ono ya linunda ndi nyanga zazifupi ikudya m'dambo ku Katete kapena ku Lundazi, amaiyesa ya amphawi. Maso ao amathamangira nkhunzi zikuluzikulu za Brahman zimene amaziona pa cionetsero ca zaulimi ku Lusaka. Koma ng'ombe yaing'onoyi ili ndi mbiri yaitali, ndipo ndi bwino tiidziwe tisanaitaye.

Mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Anayenda zaka zambiri mpaka kufika ku dziko la Afipa, m'Tanzania wa lero, kumene Zwangendaba anamwalira. Pa ulendo wonsewo anali kulanda ng'ombe za mitundu imene anaigonjetsa. N'cifukwa cace ng'ombe zimene timacha Angoni sizifanana kwenikweni ndi za kwa Azulu. Izo ndi za gulu la zebu, ng'ombe za linunda za kum'mawa kwa Africa. Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, atabwerera kum'mwera nakhazikika m'dera la Chipata, makola a anthu ace anadzaza.

Kwa Mngoni ng'ombe inali zonse. Ndiyo inali kulowola mkazi, kulipira mlandu ndi kupereka cikopa copangira cishango. Koma cumaci cinakopa adani. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo dziko la Mpezeni. Mwana wace Nsingo anagwidwa ndi kuomberedwa, midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Zimene zinatsala ndizo zinaswana mpaka kudzazanso makola a kum'mawa. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka pambuyo pa nkhondoyo, unayambanso mu 1980, ndipo mpaka lero ku Mtenguleni amabaya nkhunzi yakuda pamaso pa Nkhosi ya Makhosi.

Zambia ali ndi mitundu inanso yaceniceni. Kumadzulo kuli ng'ombe za Barotse, zazikulu ndi za nyanga zazitali, zozolowera cigwa ca Zambezi cimene cimasefukira caka ndi caka. Kum'mwera kuli za Atonga, zocepako thupi.

Alimi acizungu atatsegula mapulazi m'mbali mwa njanji, anabweretsa mitundu monga Afrikander, Hereford ndi Sussex, ndipo pambuyo pace panadza Boran ndi Brahman. Ng'ombezi zimakula msanga ndi kupereka nyama yambiri, koma zimafuna dibi kawirikawiri, mankhwala ndi msipu wabwino. Anthu akumudzi anayamba kuona ngati zao n'zacabe. Komabe akatswiri amene anayerekeza mitunduyi ku Mazabuka m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti ng'ombe zazikazi za Angoni zimabereka bwino kwambiri.

Nanga cinsinsi cace n'ciani? Thupi laling'ono silifuna udzu wambiri, motero ng'ombe ya Angoni imapirira m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene msipu wauma, ndipo mvula ikagwa imanenepanso msanga. Imapirira kutentha ndi nkhupakupa kuposa ng'ombe za ku Ulaya. Imakoka khasu ndi ngolo, imapereka mkaka wa ana ndi manyowa a kumunda. Izi sizitanthauza kuti siidwala. Matenda a denkete, amene anabuka kum'mwera cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anapha ng'ombe zacikuda zosawerengeka. Dibi ndi katemera n'zofunika kwa ng'ombe iliyonse.

Lero vuto ndi lakuti nkhunzi zacilendo zikulowa m'makola popanda dongosolo. Mwana woyamba wa Angoni ndi Brahman amaoneka bwino, koma tikapitiriza kusakaniza mibadwo ingapo, magazi a Angoni amazimirira pamodzi ndi kupirira kwace. Mtundu ukatha sungagulidwenso kwina.

Inu acinyamata, makola amenewa adzakhala anu. Musafule nkhunzi yabwino ya Angoni cifukwa cofuna ng'ombe yolimira, n'kusiya yofooka kuti ndiyo ibereketse. Sinthanani nkhunzi ndi midzi ina kuti pasakhale kukwerana pacibale. Ngati mufuna kusakaniza, funsani alangizi a ziweto, ndipo sungani zazikazi zina zosasakaniza. Akulu anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.