Telegalamu imene inachedwa ku Quebec

Aphunzitsi anzanga, nanunso amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambirane za milatho iwiri.

Pa 29 August 1907 mlatho umene ankamanga pa mtsinje wa St Lawrence, pafupi ndi mzinda wa Quebec ku Canada, unagwa ndi kupha anthu 75. Mwa iwo, 33 anali amuna a mtundu wa Mohawk ochokera ku Kahnawake, dera limodzi lokha.

Chinavuta n'chiyani? Injiniya wamkulu, Theodore Cooper, ankakhala ku New York ndipo kumalo a ntchito sankapitako kawirikawiri. Zitsulo zinkasulidwa ku Phoenixville, ku Pennsylvania. Cooper anatalikitsa gawo lapakati la mlathowo kuchoka pa mafiti 1,600 kufika pa 1,800, koma masamu a kulemera kwake sanawerengedwenso mokwanira. Zitsulo zitayamba kupindika, injiniya wachinyamata Norman McLure anakwera sitima kukamuuza Cooper pamaso. Cooper anatumiza telegalamu ku Phoenixville kuti asaonjezerenso katundu pamlathopo. Madzulo a tsiku lomwelo mlatho unagwa uthengawo usanafike ku Quebec. Tangoganizani, aliyense anali ndi kachidutswa kake ka choonadi, wina ku New York, wina ku Phoenixville, wina pamtsinje, koma panalibe pozikumanitsa.

Tsopano tipite ku Norway, zaka zoposa 100 pambuyo pake. Mlatho wa Randselva, wa mamita 634, unatsegulidwa mu 2022, ndipo unamangidwa popanda mapulani a papepala amene tinazolowera. Mainjiniya a kampani ya Sweco ndi anzawo a ku Portugal anayamba aumanga wonse mu kompyuta, m'njira yotchedwa BIM. Chitsulo chilichonse cha mkati mwa konkire, ndipo zilipo zoposa 200,000, chinali ndi malo ake, kukula kwake ndi nambala yake. Wina akasintha muyeso ali kudziko lina, anzake ankaona kusinthako, ndipo kompyuta inkaonetsa pamene zitsulo zikugundana zisanadulidwe n'komwe. Amisiri pamalopo ankayang'ana pa tabuleti.

Sindikunena kuti kompyuta ikanamupatsa Cooper mtima womvera wachinyamata. McLure anali atadandaula kale za zitsulozo masiku angapo m'mbuyomo. Koma kulemera koonjezeka kuja sikukanabisala m'mafayilo a ofesi imodzi kwa zaka.

Ku Quebec ngozi inachitikanso mu 1916 pokweza gawo lapakati, ndipo anthu 13 anafa. Mlathowo unatha mu 1917, ndipo sitima ndi magalimoto zikudutsapobe.