Mlandu wa John Peter Zenger

M'mwezi wa November chaka cha 1734, boma la ku New York linamanga John Peter Zenger, mmisiri wosindikiza nyuzipepala ya New-York Weekly Journal. Mlandu unali wakuti nyuzipepalayo inanyoza Bwanamkubwa William Cosby, amene ankalamulira kumeneko m'dzina la mfumu ya ku Britain. Nkhanizo analemba ndi anthu ena, koma Zenger sanaŵaulule.

Lamulo la masiku amenewo linali lodabwitsa ndithu. Pamlandu wonyoza boma, munthu sankapulumuka ponena kuti mawu ake ndi oona. Choonadicho ankachiyesa chokulitsa mlandu, pakuti anthu sachedwa kuchikhulupirira. Zenger anakhala m'ndende miyezi yoposa 8, mkazi wake Anna akutulutsabe nyuzipepalayo.

Pa 4 August 1735, loya wachikulire wa ku Philadelphia, Andrew Hamilton, anavomera poyera kuti Zenger anasindikizadi nkhanizo, napempha nzika 12 zothandiza kuweruza kuti zione ngati munali bodza. Woweruza wamkulu anaikana mfundoyo, koma nzikazo zinati munthuyo alibe mlandu. Lamulo lenilenilo linadzasinthidwa ku New York m'chaka cha 1805, mwiniwake atamwalira kale m'chaka cha 1746.